Za Kasankhidwe ka Oweruza a Bwalo Lalikulu la ku America

Mu mzinda wa Washington, likulu la dziko la United States of America, muli bwalo la milandu limene liposa mabwalo ena onse a m'dzikomo. Pa bwaloli pamakhala oweruza 9, ndipo chimene ambiri a iwo agamula, palibenso bwalo lina kokachidandaulira. Iwo angathe kuuza Pulezidenti kuti walumpha malire a udindo wake. Angathenso kufafaniza lamulo limene aphungu apanga, ngati aona kuti likutsutsana ndi Malamulo Aakulu a dzikolo. Komatu anthu amphamvu chotere sasankhidwa ndi mavoti a anthu wamba, ndipo palibe chaka choikika chakuti atule pansi udindo. Chifukwa chake funso lakuti ndani ayenera kuwakhazika pampando lakhala nkhani yaikulu kwa zaka zoposa 230. Lamulo lolembedwa lonena za nkhaniyi ndi lalifupi ndithu, la mizere yowerengeka. Zotsala zonse zidamangidwa pang'onopang'ono ndi mwambo, ndipo mwambowo udasinthasintha monga momwe mphamvu za bwalolo zidakulira.

Msonkhano wa ku Philadelphia

M'chaka cha 1787 nthumwi za zigawo za America zidasonkhana ku Philadelphia kuti zipangane malamulo oyendetsera dziko lawo latsopano. Anthuwa adali atangomasuka ku ulamuliro wa mfumu ya ku Britain, ndipo chimodzi mwa zimene adadandaula m'chikalata chawo cha ufulu cha 1776 chidali chakuti mfumuyo idasandutsa oweruza kukhala anthu odalira chifuniro chake, pa mipando yawo ndi pa malipiro omwe. Motero onse adagwirizana msanga kuti woweruza azikhala pa udindo nthawi yonse imene makhalidwe ake ali abwino, ndi kuti malipiro ake asachepetsedwe ali pa ntchito. Koma pa funso la womusankha adasiyana maganizo kwa miyezi itatu.

Nthumwi za ku Virginia zidafuna kuti aphungu onse a Nyumba ya Malamulo ndiwo azisankha. James Wilson wa ku Pennsylvania adatsutsa, nanena kuti gulu lalikulu likamasankha anthu pamachuluka ziwembu ndi kukondera, ndipo posankha molakwa sipapezeka woloza chala. Kuli bwino asankhe munthu mmodzi, kuti mlandu wake uzidziwika mwini. John Rutledge wa ku South Carolina adakana, poopa kuti mphamvu yotere m'manja mwa munthu mmodzi idzaoneka ngati ufumu umene adangouthawa. James Madison adaganizira nyumba ya Senate, pokhala ya aphungu owerengeka ndi okhazikika. Nkhalamba Benjamin Franklin idaseketsa msonkhano posimba za ku Scotland, kumene idati maloya okhaokha ndiwo ankasankha woweruza, ndipo nthawi zonse ankasankha wanzeru koposa pakati pawo, kuti achoke ndipo iwo agawane ntchito yake.

Njira yapakati idadza ndi Nathaniel Gorham, amene adakumbutsa anzake za chizolowezi cha kwawo ku Massachusetts, chakuti wolamulira ndiye amatchula dzina, koma bungwe la aphungu limavomereza. Poyamba maganizowa sadapambane, koma m'mwezi wa Seputembala, msonkhano uli pafupi kutha, adalandiridwa. Chotero lamulo lidati Pulezidenti adzatchula munthu, ndipo adzamuika pampando ndi uphungu ndi chivomerezo cha Senate. Akale adati mutu umodzi susenza denga, ndipo anthu a ku Philadelphia adagawa ntchitoyi pakati pa mitu iwiri. Chodabwitsa nchakuti lamulolo silinena kanthu za msinkhu wa woweruza, kapena za maphunziro ake, ngakhale za dziko lobadwira. Alexander Hamilton, poteteza dongosololi m'chaka cha 1788, adafotokoza kuti mphamvu ya Senate idzagwira ntchito mwakachetechete, pakuti Pulezidenti adzachita manyazi kutchula munthu wosayenera, podziwa kuti ena adzamuyesa.

Zaka zoyamba

Lamulo la chaka cha 1789 lidaika mipando 6. George Washington adatumiza maina pa 24 Seputembala, ndipo pa 26 mwezi womwewo Senate idali itavomereza onse, John Jay nakhala Woweruza Wamkulu woyamba. Padalibe kufunsa mafunso, padalibenso khamu loonerera. Masiku amenewo udindowu sudali wosiririka kwenikweni, popeza oweruza ankayenda maulendo aatali pa akavalo ndi m'ngolo kukamva milandu m'zigawo. Jay mwini adausiya m'chaka cha 1795 kuti akakhale bwanamkubwa wa New York.

Pa mpando umene Jay adasiya ndi pamene Senate idaonetsa koyamba kuti chivomerezo chake sichongopereka. Washington adaikapo John Rutledge, yemwe uja adaopa mphamvu ya munthu mmodzi, ndipo adamuika aphungu ali patchuthi, monga lamulo lilola kwa kanthawi. Koma Rutledge adalankhula poyera ku Charleston, kunyoza pangano limene boma lidachita ndi Britain, pangano lomwe aphungu ambiri a Senate adali atangolivomereza. Atabwerako kutchuthi m'mwezi wa Disembala adamukana ndi mavoti 14 kwa 10. Chiyambire pamenepo zidadziwika kuti munthu angakanidwe chifukwa cha maganizo ake pa ndale, ngakhale akhale katswiri wa malamulo.

Zinthu ziwiri zimene zidachitika m'zaka khumi zotsatira ndizo zidakweza mtengo wa mpandowu. Choyamba, John Adams, atagonja kale pachisankho, adasankha John Marshall kukhala Woweruza Wamkulu kuchiyambi kwa chaka cha 1801. Marshall adakhala pampando zaka 34, ndipo pa mlandu wa Marbury ndi Madison m'chaka cha 1803 adakhazikitsa mphamvu ya bwaloli yokana lamulo lotsutsana ndi Malamulo Aakulu. Pulezidenti wogonja adachoka, koma munthu wake adatsala kuweruza m'nthawi ya atsogoleri asanu otsatira. Chachiwiri, otsatira Thomas Jefferson adayesa kuchotsa woweruza Samuel Chase, amene ankaonetsa poyera chidani chake pa chipani chawo. Nyumba ya House of Representatives idamuimba mlandu m'chaka cha 1804, koma ku Senate m'chaka cha 1805 mavoti sadakwane magawo awiri mwa atatu ofunika, ndipo Chase adabwerera pampando. Kufikira lero palibe woweruza wa bwaloli amene adachotsedwapo mwa njira imeneyi. Tsono popeza khomo lotulutsira munthu lidaoneka lolimba chotero, nkhondo yonse idasamukira pa khomo lolowera.

Kulimbirana mipando

M'zaka za m'ma 1800 Senate inkakana anthu kawirikawiri, makamaka pamene Pulezidenti adali wofooka. John Tyler, amene adayambana ndi chipani cha Whig chomwe chidamukweza, adatumiza maina kangapo m'zaka za 1844 ndi 1845, koma mmodzi yekha, Samuel Nelson, ndiye adavomerezedwa, ndipo mpando wina udakhala wopanda munthu zaka zoposa ziwiri.

Chiwerengero cha mipando nachonso chidasanduka chida, pakuti sichilembedwa m'Malamulo Aakulu. Aphungu ndiwo amachiika. Mipando idakhala 7 m'chaka cha 1807, kenaka 9 m'chaka cha 1837, ndi 10 m'chaka cha 1863. Itatha nkhondo yapachiweniweni, Andrew Johnson adatchula Henry Stanbery m'chaka cha 1866, koma aphungu, amene adali pa udani ndi Pulezidentiyo, adapanga lamulo lochepetsa mipando, kotero kuti mpando wa Stanbery udatha iye asanakhalepo. Johnson atachoka, lamulo la 1869 lidabwezera mipando pa 9, ndipo chiwerengerochi sichidasinthenso. M'chaka cha 1937 Franklin Roosevelt, atakwiya ndi oweruza amene ankafafaniza malamulo ake othetsa umphawi, adapempha mphamvu yoonjezera woweruza mmodzi pa woweruza aliyense wopitirira zaka 70 amene sadapume, kufikira oweruza 15. Ngakhale chipani chake chidali ndi aphungu ochuluka zedi mu Senate, iwo omwewo adamukanira. Palibe lamulo lidaletsa pempholi. Lidagwa chifukwa anthu adaona kuti likuswa mwambo.

Kutseguka kwa zitseko

Kwa zaka zoposa zana limodzi Senate inkakambirana za maina m'chipinda chotseka, ndipo wotchulidwayo sankaitanidwa konse. Kusintha kudayamba m'chaka cha 1916, pamene Woodrow Wilson adatchula Louis Brandeis, loya wa ku Boston wodziwika polimbana ndi makampani aakulu, amenenso adali Myuda woyamba kutchulidwa pa udindowu. Amalonda olemera ndi akuluakulu ena a zamalamulo adamutsutsa kolimba, ndipo komiti ya Senate yoona za mabwalo idamva mboni poyera kwa nthawi yoyamba. Brandeis mwini sadaonekere pa komitiyo. Patapita miyezi inayi adavomerezedwa ndi mavoti 47 kwa 22. Woyamba kuima yekha pamaso pa komiti ndi kuyankha mafunso adali Harlan Fiske Stone m'chaka cha 1925, koma zimenezi sizidasanduke chizolowezi msanga. James Byrnes, amene sadapite ndi ku sukulu ya malamulo komwe, adavomerezedwa m'chaka cha 1941 tsiku lomwelo limene dzina lake lidafika.

Pakati pa zaka zimenezi padaoneka chinthu china chatsopano, ndicho mawu a anthu wamba. Kuyambira chaka cha 1913 aphungu a Senate adayamba kusankhidwa ndi anthu onse, osatinso ndi nyumba za malamulo za m'zigawo, motero adayamba kutchera khutu ku zofuna za ovota. M'chaka cha 1930 Herbert Hoover adatchula John Parker wa ku North Carolina. Mabungwe a antchito adamutsutsa chifukwa cha chigamulo chake chokomera eni migodi, ndipo bungwe la NAACP, lomenyera ufulu wa anthu akuda, lidakumbutsa dziko mawu amene iye adalankhula m'chaka cha 1920 okana kuti akuda alowe m'ndale. Parker adakanidwa ndi mavoti 41 kwa 39.

Mlandu wa sukulu

Palibe mlandu umene udaonetsa kufunika kwa mpando umodzi koposa mlandu wa Brown ndi bungwe loyang'anira maphunziro la ku Topeka, m'chigawo cha Kansas. Chiyambire chigamulo cha 1896, bwaloli lidalola kuti azungu ndi akuda azilekanitsidwa, malinga ngati zopatsidwa zawo zili zofanana; koma m'zigawo zambiri sukulu za ana akuda zidali zosowa mabuku, mabenchi ndi nyumba zabwino. Mlanduwu utamveka koyamba m'chaka cha 1952, oweruza adali ogawanika. M'mwezi wa Seputembala 1953 Woweruza Wamkulu Fred Vinson adamwalira, ndipo Dwight Eisenhower adaika m'malo mwake Earl Warren, bwanamkubwa wa California. Warren adakambirana ndi anzake moleza mtima kufikira onse 9 adagwirizana, ndipo pa 17 Meyi 1954 bwalo lidagamula kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma chifukwa cha khungu nkosemphana ndi Malamulo Aakulu.

Aphungu a zigawo za kummwera adapsa mtima, natsimikiza kuti aliyense wotchulidwa azibwera kudzafunsidwa. Woyamba kukumana ndi zimenezi, m'chaka cha 1955, adali John Marshall Harlan, mdzukulu wa woweruza uja amene yekha adatsutsa chigamulo cha 1896. Kuyambira pamenepo kuonekera pamaso pa komiti kudasanduka mwambo wokhazikika. Ndipo m'chaka cha 1967 Thurgood Marshall, loya amene adaimira ana akuda pa nkhani ya sukuluyo, adatchulidwa ndi Lyndon Johnson, nafunsidwa masiku angapo ndi aphungu omwewo a kummwera, navomerezedwa ndi mavoti 69 kwa 11. Iye ndiye munthu wakuda woyamba pa bwaloli.

Njira yake monga idakhazikika

Mpando umapezeka pamene woweruza wamwalira kapena wapuma, ndipo palibe Pulezidenti adziwiratu kuti adzasankha angati. Jimmy Carter adalamulira zaka 4 osasankhako ndi mmodzi yemwe, pamene William Douglas, woikidwa ndi Roosevelt m'chaka cha 1939, adakhala pampando zaka 36. Mpando ukapezeka, alangizi a Pulezidenti amakonza maina, nafufuza zigamulo ndi zolemba za anthuwo. Apolisi ofufuza a FBI amasanthula moyo wa wosankhidwayo. Pulezidenti amalengeza dzina nalitumiza ku Senate, nyumba ya aphungu 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse cha zigawo 50.

Kumeneko dzina limapita ku komiti yoona za mabwalo. Wotchulidwayo amayankha mafunso ambiri olembedwa, amachezera aphungu mmodzimmodzi, ndipo bungwe la maloya la American Bar Association limanena ngati likumuona woyenera. Kenaka amakhala pamaso pa komiti masiku angapo, dziko lonse likuonerera. Aphungu amafuna kudziwa m'mene adzaweruzire nkhani zovuta, koma iye kawirikawiri amakana kuneneratu, pakuti woweruza amene walonjeza chigamulo asanamve mlandu wasiya kale kukhala woweruza. Komiti ikavota, nkhani imapita ku nyumba yonse, kumene mavoti opitirira theka la ovotawo amakwanira. Pomaliza Pulezidenti amasaina kalata ya udindo, ndipo woweruza watsopano amachita malumbiro awiri: lina loteteza Malamulo Aakulu, lina loweruza mosayang'ana nkhope, wosauka ndi wolemera chimodzimodzi.

Kukula kwa mkangano

M'chaka cha 1968 aphungu otsutsa adaletsa Abe Fortas kukhala Woweruza Wamkulu mwa kutalikitsa zokambirana kuti voti isachitike. Richard Nixon naye adakaniridwa anthu awiri motsatizana, Clement Haynsworth m'chaka cha 1969 ndi Harrold Carswell m'chaka cha 1970. Komabe mgwirizano sudathe. Sandra Day O'Connor, mkazi woyamba pa bwaloli, adavomerezedwa m'chaka cha 1981 ndi mavoti 99, popanda wotsutsa. Antonin Scalia adalandira 98 m'chaka cha 1986, ndipo Ruth Bader Ginsburg, amene maganizo ake adali otalikirana ndi a Scalia, adalandira 96 m'chaka cha 1993. Koma pakati pawo padagwa nkhani ya Robert Bork, amene Ronald Reagan adamutchula m'chaka cha 1987. Luso lake pa malamulo silidakayikitse, koma maganizo ake pa ufulu wa anthu adautsa mkangano m'dziko lonse, ndipo adakanidwa ndi mavoti 58 kwa 42. Clarence Thomas adapyola m'chaka cha 1991 ndi mavoti 52 kwa 48, pambuyo pa umboni wa Anita Hill womuneneza khalidwe losayenera, limene iye adalikana.

M'zaka zotsatira miyambo yakale idayamba kugwa umodziumodzi. Kale pankafunika aphungu 60 kuti zokambirana zitsekedwe, ndipo zimenezi zinkakakamiza Pulezidenti kufuna munthu amene ena a chipani chotsutsa angamulandire. M'chaka cha 2013 chipani cha Democratic chidachotsa lamuloli pa oweruza a mabwalo aang'ono. M'chaka cha 2017 chipani cha Republican chidalichotsanso pa Bwalo Lalikulu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Scalia atamwalira m'mwezi wa Febuluwale 2016, Barack Obama adatchula Merrick Garland, koma mtsogoleri wa aphungu ochuluka, Mitch McConnell, adati mpando udikire chisankho cha chaka chimenecho, ndipo dzinalo lidakhala masiku 293 osamvedwa kufikira lidatha mphamvu. Mpandowo udapita kwa Neil Gorsuch, wotchulidwa ndi Donald Trump, ndi mavoti 54 kwa 45. Brett Kavanaugh adapyola m'chaka cha 2018 ndi mavoti 50 kwa 48. Ginsburg atamwalira pa 18 Seputembala 2020, Amy Coney Barrett adavomerezedwa pa 26 Okutobala, patatsala masiku 8 kuti chisankho chichitike. Ketanji Brown Jackson, mkazi wakuda woyamba pa bwaloli, adavomerezedwa m'chaka cha 2022 ndi mavoti 53 kwa 47. Mawu a lamulo la 1787 sadasinthe ndi pang'ono pomwe, koma mavoti adayamba kutsata mzere wa zipani.

Phunziro lake

Mphunzitsi amene adzaphunzitsa ana za kayendetsedwe ka boma adzapeza kuti funso la ku Philadelphia lili m'maiko ambiri, ndipo dziko lililonse lidaliyankha mwa njira yake. Malamulo Aakulu a Malawi a chaka cha 1994 adagawanso ntchitoyi: Pulezidenti amasankha Woweruza Wamkulu, koma Nyumba ya Malamulo iyenera kumuvomereza ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu opezekapo ndi kuvota, oweruza ena amaikidwa ndi Pulezidenti potsata uphungu wa bungwe loona za ntchito za oweruza, ndipo onse ali ndi msinkhu wopumira. Kufanizira njira ziwirizi kudzathandiza mwana kuona chifukwa chimene mpando wa moyo wonse umalimbiranidwa koopsa, ndi chifukwa chimene mavoti ochuluka amafunikira pa udindo wotere.

Koma chachikulu m'mbiri ya ku America ndi ichi, kuti lamulo lolembedwa limangogawa mphamvu. Silingathe kulamula mtima wa ozigwiritsa ntchito. Lamulo lomwelo lidapereka mipando 6 m'masiku awiri, ndipo lomwelonso lidasiya dzina pakhomo masiku 293. Pamene Pulezidenti adafuna munthu woyenera ndipo Senate idamuyesa moona, bwalo lidapeza ulemu wokwanira kuti chigamulo chake, ngakhale chowawa kwa ambiri, chitsegule zitseko za sukulu kwa ana amene adali otsekeredwa kunja. Woweruza alibe asilikali, alibenso thumba la ndalama za boma. Mphamvu yake yagona pa chikhulupiriro cha anthu chakuti adakhala pampando mwa chilungamo, ndipo chikhulupirirocho chimayamba kumangidwa kapena kugumuka tsiku limene dzina lake latchulidwa.